Mabakiteriya ochotsa nayitirojeni ndi fosifolasi m'madzi a suweji

Madzi ochokera m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'makhitchini amakhala ndi nayitirojeni ndi fosifolasi wambiri. Michere iwiriyi imachokera mu mkodzo, chimbudzi ndi zotsalira za chakudya, ndipo fosifolasi amapezekanso m'mitundu ina ya sopo waufa. Ndi michere yomwe ija ya pa thumba la feteleza wa 23:21:0+4S: nambala yoyamba ndi ya nayitirojeni, yachiwiri ndi ya fosifolasi.

Kuopsa kwake

Kumunda michereyi imanenepetsa chimanga, koma m'nyanja ndi m'mitsinje imanenepetsa ndere ndi namasupuni. Zomerazi zikafa n'kuyamba kuwola, zimamaliza mpweya wa okosijeni m'madzi, ndipo nsomba zimathawa kapena kufa. Nyanja ya Malawi ili ndi mtsinje umodzi wokha wotulutsa madzi, wa Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka pouma ndi dzuwa. Choncho michere ikalowamo imakhalitsa.

Kusefa madzi a suweji kumachotsa zinyalala zooneka, koma michere yosungunuka imadutsa. Apa ndi pomwe akatswiri amagwiritsa ntchito mabakiteriya, tizamoyo tosaoneka ndi maso. Ena mwa mabakiteriya amayambitsa matenda monga kolera, koma ambiri savulaza munthu.

Kuchotsa nayitirojeni

Ntchitoyi imachitika m'matanki awiri. M'thanki ina amapoperamo mpweya, ndipo mabakiteriya monga Nitrosomonas ndi Nitrospira amasandutsa amoniya, uja amanunkhitsa mkodzo wogonera, kukhala nayitireti. Kenako madzi amapita m'thanki yosapoperedwa mpweya. Mabakiteriya a m'menemo akasowa okosijeni amapumira nayitireti uja, n'kumusandutsa mpweya wa nayitirojeni womwe umauluka. Mpweyawu suwononga kanthu, pakuti magawo 78 pa 100 aliwonse a mpweya womwe timapuma ndi nayitirojeni.

Kuchotsa fosifolasi

Fosifolasi sauluka, ndiye ayenera kutulutsidwa ndi matope. Pali mabakiteriya, monga Accumulibacter, omwe amasunga fosifolasi m'thupi mwawo ngati chimanga m'nkhokwe. Akaikidwa m'thanki yopanda okosijeni ndi nayitireti, amatulutsa fosifolasi wosungidwayo kuti apeze mphamvu zomezera chakudya. Akafika m'thanki ya mpweya, amameza fosifolasi wochuluka kuposa amene anatulutsa. Pomaliza madzi amadikha, mabakiteriya amakhazikika pansi ngati matope. Gawo la matopewo amalibwezera koyambirira kuti lipitirize ntchito, lina amalichotsa pamodzi ndi fosifolasi wake. Matope ochotsedwawo akakonzedwa bwino kuti majeremusi afe, amatha kukhala manyowa.

Mbiri yake

Njira yoyeretsera suweji popopera mpweya m'matope a mabakiteriya inalengezedwa mu 1914 ndi Edward Ardern ndi William Lockett a ku Manchester, ku England. M'zaka za m'ma 1970, injiniya wa ku South Africa, James Barnard, anakonza dongosolo la matanki otsatizana lochotsa michere yonse iwiri popanda kuthira mankhwala. Dongosololi limatchedwa Bardenpho, ndipo mzinda wa Johannesburg unali m'gulu la mizinda yoyamba kuligwiritsa ntchito. Barnard analandira mphoto ya Lee Kuan Yew Water Prize ku Singapore mu 2011.

Zofunika kuti njirayi iyende

Makina opopera mpweya amafuna magetsi usana ndi usiku, komanso antchito odziwa kuyeza madzi. Magetsi akazima nthawi yaitali, kapena mafuta agalimoto ndi mankhwala ophera tizilombo akalowa m'mapaipi, mabakiteriya amafooka ndipo michere imadutsa.

Njirayi imathandiza madzi okhawo omwe afika ku malo oyeretsera. Feteleza ndi dothi zokokoloka m'minda, komanso zonyansa za m'zimbudzi zokumbidwa pafupi ndi gombe, zimalowa m'nyanja osadutsa m'thanki iliyonse. Zimenezi zimachepa pokumba chimbudzi patali ndi madzi, kusiya bango ndi mitengo m'mbali mwa mitsinje, ndi kulima mizere yopingasa pamalo otsetsereka.