Dokotala wa m'kabokosi, monga ndinamuonera ku Kitwe

Sendera kuno mdzukulu wanga, uchepetseko phokoso la foni yakoyo. Munthu ukundionetsayu, wotuluka m'kabokosi kabuluu kokhala ngati kachimbudzi ka pasiteshoni ya sitima, ine ndinamudziwa amako asanabadwe. Ukuseka? Ana a masiku ano mumayesa kuti dziko linayamba tsiku limene magetsi anafika pa Ulongwe.

Ndinachoka kuno kwa Kalembo ndili mnyamata, chitaganya cha Welensky chikupuma mpweya womaliza. Anzanga ambiri ankalembetsa Wenela kupita ku Joni, ena ankalowera ku Halale. Ine mwendo unandiponya ku migodi ya kopa ku Northern Rhodesia, koma pansi sindinatsikeko ayi. Ndinapeza ntchito ya ukhukhi kwa mzungu wina wa pamgodi ku Kitwe. Kumeneko wailesi ya kanema inalipo kale kuyambira 1961, pamene kwathu kuno ngakhale wailesi ya mawu okha inkapezeka kwa aphunzitsi ndi kwa amfumu basi.

Zambia italandira ufulu, ndi pamene sewero la Doctor Who linayamba kuoneka m'nyumba muja, zithunzi zake zakuda ndi zoyera. Nyimbo yake ikangolira, ana a bwana ankathawira kuseri kwa mpando, n'kumasuzumira ndi diso limodzi. Ine ndinkaima pakhomo la kukhitchini, mbale ili m'manja. Mbale imodzi ndinkaipukuta mphindi 25, mpaka sewero kutha. Chizungu changa chinali cha "yes bwana", koma nkhani ndinkaitsata: nkhalamba ya imvi, yaukali, yoyenda ndi mdzukulu wake wamkazi ndi aphunzitsi awiri m'kabokosi kaja, kamene kunja n'kakang'ono koma m'kati mwake muli ngati holo. Lero ali m'nthawi ya makolo, mawa ali kunyenyezi. Mumtima ndinkati, kodi azungu nawonso ali ndi lichero louluka usiku? Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankaonetsa ana awo poyera.

Zakuseri kwa sewerolo ndinadzazimva nditakalamba kale, mu 2013, pamene wailesi ya BBC inkakumbukira kuti latha zaka 50. Zina anandiwerengera malume ako aphunzitsi aja. Ndinaseka mpaka misozi, chifukwa zimene zinkandiumitsa thupi ku Kitwe zinali zopangidwa ndi anthu osowa ndalama ngati ife tomwe.

Sewerolo linayamba pa 23 Novembala 1963, Loweruka. Tsoka lake, dzulo lake n'kuti atawombera pulezidenti Kennedy ku America, ndiye anthu mitima inali kumaliro. Sabata yotsatira anachita kubwereza gawo loyambalo. Amene anabweretsa maganizowo anali Sydney Newman, mlendo wochokera ku Canada. Ntchito yoyang'anira anaipereka kwa Verity Lambert, mayi wa zaka 27, pa nthawi imene mu dipatimenti ya masewero ku BBC munalibe mkazi wina waudindo wotero. Wotsogolera kujambula anali Waris Hussein, mnyamata wobadwira ku India. Mlendo, mkazi ndi mmwenye: akuluakulu a kumeneko sankayembekeza zambiri kwa anthu atatuwa, ndipo anawapatsa chipinda chakale chopanikiza ku Lime Grove, chotentha ngati uvuni wa njerwa. Gawo loyamba analijambula kawiri, chifukwa loyambiriralo Newman analikana.

Nanga kabokosi kaja? Kanali ka apolisi a ku London, koimbiramo telefoni. M'nkhanimo amati chombocho chimayenera kusintha maonekedwe kulikonse chikafika, koma chinawonongeka n'kukakamira pa kabokosi. Zoona zake n'zakuti ndalama zopangira chatsopano sabata iliyonse panalibe. Phokoso limene kamachita ponyamuka, lija lokhala ngati ng'ombe yodwala chifuwa, analipanga Brian Hodgson pokwecheza kiyi wa nyumba pa mawaya a piyano yakutha. Nyimbo yoyambira anaipeka Ron Grainer, koma amene anaiumba anali mayi wina, Delia Derbyshire, podula matepi ndi kuwalumikiza kachidutswa ndi kachidutswa, popanda woimba ngakhale mmodzi. Dzina lake silinalembedwe pa kanema. Zoterezi si za kuno kokha, mwana wanga. Wolima ndi wina, wotamandidwa pa nkhokwe ndi wina.

Koma zimene zinkaopsa zedi ndi ma Dalek. Zinthu zachitsulo zokhala ngati migolo, zopanda miyendo, zoyenda chokhwekhwereza, mawu ake ngati munthu akulankhulira m'chitini. Anazilemba Terry Nation, wozijambula maonekedwe anali Raymond Cusick. Dzanja lake limodzi linali chija champhira amatsegulira sinki ikatsekeka, chimene ineyo ndinkachigwira tsiku ndi tsiku kukhitchini, koma osachizindikira pa kanema! M'kati mwa mgolomo munkakhala munthu, atakhala pa kampando, n'kumakankha ndi mapazi, thukuta lili kamukamu. Anzathu Achewa akumva kumene ndikulowera, koma ine za kudambwe sindiziyamba, ndine wa kundagala.

Tsono mvera ichi, chifukwa ndi chimene chinasunga sewerolo. Pofika 1966 William Hartnell, nkhalamba ija, anali atafooka ndi matenda, mawu akumuthawa pakamwa. Anthu ena akanati basi, gule watha. Iwo anapeka zoti Dokotala thupi lake likatopa limasandulika, n'kukhala munthu wina, nkhope ina, khalidwe lina, koma dzina lomwelo. Analowa Patrick Troughton. Azungu ankati n'zodabwitsa, ine sindinaone chachilendo. Kodi Kalembo wa nthawi ya makolo athu ndi yemweyu tili nayeyu? Mfumu ikagona, mphwake amalowa dzina, ndipo timapitiriza kunena kuti kwa Kalembo. Dokotala wakhala akulowedwa dzina chomwecho. Sewerolo anasiya kulionetsa mu 1989, anthu n'kumati lafa, koma mu 2005 linadzuka. Ndipo uyu ukundionetsa pa foniyu, Ncuti Gatwa, ndi mwana wobadwira ku Rwanda, amene makolo ake anathawa naye nkhondo ya 1994. Analowa dzinalo mu 2023. Tikanauzidwa zimenezi kukhitchini ku Kitwe, tikanati munthuyo wamwa kachasu.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza dziko lopanda kanema. Nthawi yonse ya Kamuzu kunalibe. Television Malawi inadzatsegulidwa mu 1999, nthawi ya a Muluzi, Balaka atangoidula kumene ku Machinga kukhala boma palokha. Zaka zonsezo kanema wathu anali makutu. Tinkazungulira wailesi ya Nzeru pakhonde, mabatire titawaanika padzuwa masana kuti abwerere mphamvu, kudikira Kapalepale wa a Smart Likhaya Mbewe pa MBC. Kunalinso Pamajiga. Anthu aja ankakangana m'wailesimo ngati ali kuseri kwa nyumba yako, ndipo m'mawa mwake pachitsime ndi pamsika nkhani inkakhala yomweyo. Pambuyo pake kunabwera Izeki ndi Jakobo, kenako Tikuferanji ndi Manganya. Ndikuuze mosabisa: Kapalepale ankandifika pamtima kuposa Dokotala.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi. Ku BBC matepi anali odula, ndiye sewero likaonetsedwa ankafufuta n'kujambulapo zina. Anachita zimenezi mpaka cha mu 1978. Pa magawo 253 a zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira, oposa 90 anasoweratu zithunzi zake. Mawu okha ndiwo anapulumuka, chifukwa ana ena okonda sewerolo ankaika chojambulira mawu pafupi ndi kanema kunyumba kwawo, n'kumaletsa makolo kutsokomola. Zithunzi zina zinapulumukira kunja. BBC inkagulitsa makope a filimu kumayiko ngati Zambia, Rhodesia, Kenya ndi Nigeria, ndipo chitini cha filimu chinkayenda dziko ndi dziko monga mbale ya ndiwo imayendera pamaliro. Mu 2013 bambo wina, Philip Morris, anapeza magawo asanu ndi anayi amene anali atasowa, ali pa shelefu m'kachipinda ka siteshoni ya kanema ku Jos, ku Nigeria. Eni ake anataya, Afirika inasunga mosadziwa. Mwina zitini zina zimene ndinaonera ine zidakali penapake ku Kitwe kapena ku Lusaka, zikudyedwa ndi dzimbiri.

Azungu aja amayendayenda dziko lonse kusaka nkhalamba yawo ya m'kabokosi. Nanga ife? A Jakobo, a Eric Mabedi, tinawaika m'manda mu 2021, a Izeki anali atatsogola kale. Iwe ukudziwa dzina la Dalek, koma nditatchula Kapalepale unandiyang'ana ngati ndatchula dzina la ndiwo.

Mwezi wamawa ukupita ku Blantyre kusukulu. Ukatsike pa Chichiri, ukalowe ku MBC, ukapereke moni mwaulemu, ukafunse ngati matepi a Kapalepale alipo. Akakupatsa ngakhale limodzi, uliike m'foni yakoyo ubwere nalo kuno, makutu angawa asanatsekeretu.