Thonje, Merikani ndi Minyanga ya Njovu

Mphunzitsi amene afuna kufotokozera ana a ku Mua, ku Golomoti kapena ku Mtakataka mbiri ya dziko la America ya pakati pa 1800 ndi 1860, kawirikawiri amayamba ndi maina a atsogoleri a dzikolo: Jefferson, Madison, Monroe, Jackson. Ana amaloweza mainawo monga alowezera katekisimu, ndipo mayeso akatha amawaiwala onse. Palibe chowadzudzulira, pakuti mainawo sakhudza kanthu kamene iwo anakaona ndi maso. Komatu m'minda ya makolo awo muli mbewu imene inagwedeza dziko lonselo, ndiyo thonje.

Mwana aliyense wa m'chigwa cha kunyanja adziwa kuti kutola thonje kumapweteka msana, ndi kuti munthu wochotsa njere zake ndi manja angathe tsiku lathunthu osadzaza lichero. M'chaka cha 1793 Eli Whitney anapanga makina ochotsa njerezo msanga. Wina angayese kuti makinawo anapeputsa goli la akapolo, koma analilemeretsa. Pakuti thonje litayamba kupindulitsa, eni minda anafuna malo ambiri ndi manja ambiri. Malo anawapeza: mu 1803 boma linagula dera lalikulu la Louisiana kwa dziko la France, ndipo mu 1830 Andrew Jackson anavomereza lamulo lochotsa mafuko a eni nthaka kum'mawa kwa mtsinje wa Mississippi. Mu 1838 fuko la Cherokee linasamutsidwa mokakamiza, ndipo anthu zikwizikwi anafera m'njira.

Nkhani ya manja ndiyo yofuna kuifotokoza mosamala. Kuyambira pa 1 Januwale 1808 lamulo linaletsa kubwera ndi akapolo atsopano ochokera kutsidya la nyanja. Koma ukapolo weniweniwo sunaletsedwe, ndipo mwana wobadwa kwa mkazi kapolo anali kapolo. Tsono eni akapolo a ku Virginia ndi Maryland anasandutsa anthu awo malonda, nawagulitsa kumwera kumene kunali minda yatsopano ya thonje, osasamala kuti alekanitsa mwamuna ndi mkazi wake, kapena mayi ndi mwana. Mu 1790 akapolo a m'dzikomo anali ngati 700,000. Pofika 1860 anatsala pang'ono kukwana 4 miliyoni.

Thonje lambiri linkapita ku England, koma lina linkapita kumpoto kwa America komweko. Mu 1814 Francis Cabot Lowell ndi anzake anamanga nyumba ya makina oombera nsalu ku Waltham, m'boma la Massachusetts, ndipo pambuyo pake mzinda wathunthu wa makina otere unatchedwa dzina lake, Lowell. Nsalu yake inali yoyera, yopanda maluwa, yochindikala ndi yolimba. Amalinyero a ku Salem, doko la m'boma lomwelo, ndiwo anainyamula kunka nayo ku Zanzibar. Mu 1833 Edmund Roberts anapangana pangano la malonda ndi Seyyid Said, mfumu ya ku Oman imene inkalamuliranso Zanzibar. Mu 1837 Richard Waters anafika pachilumbapo monga kazembe woyamba wa America. Ndipo mu 1840 chombo cha mfumuyo chinakocheza ku New York. Aswahili anaitcha nsaluyo merikani, potsata dzina la dziko lake.

Apa ndipo mbiri ya kutali ifika pakhomo. Merikani sinakhalitse ku Zanzibar. Inaoloka kunka ku Kilwa, ndipo kuchokera kumeneko amtengatenga anaisenza m'mitolo, kudzera m'dziko la Ayao, mpaka kufika ku nyanja ino. Inkayesedwa m'mikwamba, ndipo inkagwira ntchito ya ndalama: ndi iyo aulendo ankagula chakudya, kulipira msonkho wa njira kwa mafumu, ndi kugula minyanga ya njovu. Ndi iyonso, pamodzi ndi mikanda, mfuti ndi wonga, ankagula anthu. M'zaka za m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo zombo zake zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kunka kutsidya la kum'mawa. Kumwera kwa nyanja malonda omwewo anakweza mafumu Achiyao monga Mponda ndi Makanjira. Chigwa chimene muli Mua chili pakati pa malo awiriwa, ndipo pofika 1902, pamene ansembe a White Fathers anamanga misasa yawo pa Mua, anthu ake anali ataona zaka zambiri za nkhondo ndi kugwidwa.

Nanga minyangayo inkathera kuti? Ina inkapita ku India ndi ku England, koma ina inkakwera zombo za ku Salem, nikafika m'timidzi ta Deep River ndi Ivoryton, m'boma la Connecticut, kumene inkachekedwa kukhala zipeso ndi timabenthu toyera timene woimba piyano amakanikiza ndi zala. Chodabwitsa nchakuti ku Massachusetts ndi kumene kunali adani aukali a ukapolo. William Lloyd Garrison anayamba nyuzipepala yake, The Liberator, ku Boston mu 1831. Komabe nsalu ya kwawoko inaombedwa ndi thonje lolimidwa ndi akapolo, nikagula akapolo ena ku Africa.

Mphunzitsi achenjere ndi cholakwa chimodzi chimene chili chapafupi kwambiri. Asawauze ana kuti makolo awo ogwidwa kunyanja kuno anakalima thonje ku Mississippi. Akapolo a ku United States anachokera makamaka kumadzulo kwa Africa, ndipo ambiri anafika 1808 isanakwane. Ogwidwa kuno ankapita ku Kilwa ndi ku Zanzibar, kumene ambiri anagwira ntchito m'minda ya karafuu. Ena ankatsikira ku Quelimane ndi kuoloka kunka ku Brazil ndi ku Cuba. Chimene chinalumikiza Mua ndi America pa nthawiyo ndi katundu, osati anthu.

Akapolo a ku America sanangokhala chete. Mu Ogasiti 1831 Nat Turner, kapolo amene ankalalikira, anautsa anzake m'dera la Southampton ku Virginia. Azungu oposa 50 anaphedwa, ndipo iye anapachikidwa m'chaka chomwecho. Ana amene aona nkhope ya John Chilembwe pa ndalama adzatchera khutu akamva kuti iye, atapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, anakaphunzira ku Lynchburg, m'boma lomwelo la Virginia, pakati pa anthu amene ena mwa iwo anabadwa akapolo, asanabwerere kudzayambitsa mishoni yake ku Chiradzulu mu 1900.

Malonda a merikani anaduka ndi nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, imene inathetsa ukapolo m'dzikomo. Thonje litasowa ku Lowell, nsalu ya ku Bombay inalowa m'malo mwake pa misika ya ku Zanzibar, koma anthu anapitiriza kuitcha merikani, ndipo amtengatenga anapitiriza kuisenza kunka kunyanja kwa zaka zina makumi atatu.