Nyumba ya nsanja ziwiri ku Masongola

Senderani pafupi, adzukulu anga, ndikuuzeni za nyumba ija ili m'tsinde mwa phiri la Zomba, ya nsanja ziwiri zosongoka, imene lero mukuti Hotelo ya Masongola. Inu mumangoti ndi kogona alendo. Agogo athu ankaitchula motsitsa mawu.

Boma la atsamunda lisanabwere, dera lino linali la Amang'anja ndi Ayao, pansi pa mafumu monga Malemia ndi Mlumbe. Kenaka kunafika John Buchanan wa ku Scotland, amene anayamba ndi ntchito ya mishoni, nadzatsegula minda ya khofi ndi nzimbe m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Mabuku amati iyeyo ndiye anamanga nyumbayi mu 1886, kumangira Hawes, kazembe wa Angerezi. Chabwino. Nanga anakumba maziko ndani? Anasenza miyala ndi mitengo pamutu, nkhata itaphwatalala, thukuta lili kamukamu, ndani? Mayina awo palibe anawalemba.

Mu 1891 m'nyumbamo munalowa bwanamkubwa Harry Johnston, ndipo Zomba inasanduka likulu la dziko. Anabwera ndi asilikali a ku India, a ndevu zambiri ndi nduwira kumutu. Nkhondo zothyola mafumu a Chiyao ankazipangana kuno. Kawinga, amene ankadalira linga lake pa phiri la Chikala, anamugonjetsa mu 1895. Kugula ndi kugulitsa anthu kunatha, ndipo pamenepo sindingatsutse, chifukwa ukapolo unasiya midzi yambiri ili mabwinja. Koma m'manja momwemo munatuluka msonkho, mashiling'i atatu pa nyumba. Wosowa ndalama ankamutenthera nyumba, pena kumugwirira mkazi mpaka alipire. Amuna anathamangira kuminda ya azungu, ena ku mtengatenga, ena kunyamula bwana pa machila uku akuimba kuti mapazi agwirizane.

Munda wa mitengo uja mumakajambulitsako pa ukwati unayamba chaka chomwecho cha 1891, ndipo anauyala ndi Alexander Whyte. Mu 1901 bwanamkubwa anasamukira kunyumba yatsopano, ija mukuti State House, yakaleyo n'kudzakhala kogona antchito a boma.

Za Napolo ndinaona ndi maso angawa ndili kamwana. Munali mu Disembala 1946. Mvula inagwa usana ndi usiku osaleka, phiri linang'ambika, ndipo Mulunguzi anatsika ndi miyala ikuluikulu ikugundana, mitengo itazulidwa ndi mizu yomwe. Milatho inapita, anthu anafa, tauni inadulidwa pakati. Amayi anatifungatira m'nsalu imodzi tonse, akunong'ona kuti njoka ya m'phiri ikusamukira ku nyanja ya Chilwa. Madzi ataphwa, nsanja ziwiri zija zinali chiimire.

Mu 1975 a Kamuzu anasamutsira likulu ku Lilongwe. Malole ananyamula mafayilo ndi matebulo, akalaliki n'kutsatira ndi mabanja awo. Aphungu a Nyumba ya Malamulo anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994, nawonso anachoka. Tinatsala ndi asilikali a ku Cobbe, ndende, ana a sukulu a ku Chancellor, ndi nyumba zakalezi.

Ndikamadutsa kumtunda kuja n'kuona zina mwa izo malata atachita dzimbiri, chiswe chikudya mafelemu a mawindo, mtima umandiwawa. Ena amati zigwe, n'za atsamunda. Atsamundawo anangolozapo ndi chala, koma anazimanga ndi agogo anu.