Kukaona Njobvu Kutsidya la Malire

Caka catha, pa maliro a mfumu ina kufupi ndi phiri la Domwe, cilombo ca Njobvu cinatuluka kudambwe. Nonse mukudziwa kuti cimeneci sicituluka wamba, cimadikira maliro a munthu wamkulu. Mdzukulu wanga wamkazi wa zaka khumi anacionera patali, atagwira citenje ca agogo ake. Tikubwerera kunyumba anandifunsa kuti, "Agogo, kodi njobvu yeniyeni ya m'chire munaionapo?" Ndinasowa coyankha. Mutu wayera, nkhondo ndinaiona, m'dziko la eni ndinakhalamo zaka zisanu ndi ziwiri, koma njobvu ndimangoidziwira pa ndalama ya pepala ya mametikali 1000, imenenso sikhalitsa m'thumba mwanga.

Pamenepo ndi pamene panabadwira ganizo la ulendo. Mabanja anayi tinagwirizana zosonkha ndalama, kubwereka shapa imodzi ndi dalaivala wake, kupita kumalo osungirako nyama ndi kubwerera tsiku lomwelo, popeza za malo ogona sitingazithe. Nchito yofufuza njira anaisiya m'manja mwanga.

Ndinayamba ndi kwathu konkuno. M'cigawo cathu ca Tete muli paki ya Mágoè, imene boma linakhazikitsa mu 2013 m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa. Koma kucoka ku Ulóngwe kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo ukafika kumeneko ulendo ukadalipo wautali. Gorongosa ndiye ili ku Sofala, masiku awiri kupita ndi kubwera sangakwane bwino. Paki imene munthu wa ku Angónia angafike m'mawa n'kugona kwawo madzulo ndi Liwonde, ku Malawi, pafupifupi makilomita 150 kucokera ku Dedza. Nditanena zimenezi pamsonkhano, alamu anga anadandaula. Anati, "Ndiye kuti ife tikalipire ngati alendo kukaona nyama zimene makolo athu ankazitema m'nthano zawo? Nanga zathu zinapita kuti?" Funso limeneli linandituma kwa amalume anga, amene apitirira zaka makumi asanu ndi anayi, ndiponso ku mabuku ocepa amene ndinabwereka.

Amalume akuti iwo njobvu sanaipeze kuno. Cimene anamva kwa agogo awo ndi uzimba, pamene midzi ingapo inkasonkhana m'cilimwe ndi agalu, mikondo ndi zibonga, kutentha chire ndi kuzinga nyama. Ankachula njati, nchefu, mphalapala. Anandikumbutsanso lamulo lakale la minyanga: mlenje akapha njobvu, nyanga imene yagwera pansi inali ya mwini dziko, ya pamwamba ndiyo ya mlenje. Lamulo limeneli ndinalipezanso m'mabuku onena za maufumu a Amaravi. Kalonga, Undi ndi Lundu anakula mphamvu ndi minyanga ya njobvu. Likulu la Undi linali ku Mano, kumpoto kwa Zambezi, m'dera limene lero lili m'cigawo ca Tete. Minyanga inkatsika kumisika ya Tete ndi Sena kumene Apwitikizi anakhazikika m'zaka za m'ma 1500, ina inkapita mpaka kunyanja yamcere, ndipo kumabwera nsalu ndi mikanda. Pa nthawi imeneyo munthu wocoka ku Domwe kupita ku mtsinje wa Shire sankatuluka m'dziko lililonse.

Cimene cinasintha zinthu ndi mfuti. M'zaka za m'ma 1800 Acikunda, amene poyamba anali asilikali a eni maprazo a m'Zambezi, anasanduka alenje a njobvu oyenda m'magulu, ndipo kum'mawa amalonda a Ciyao ankatenga minyanga pamodzi ndi akapolo kupita kugombe. Komabe nyama zinali zambiri. David Livingstone atakwera Shire mu 1859 anawerenga njobvu pafupifupi 800 m'dambo lina la kumunsi kwa mtsinjewo, limene mpaka lero limachedwa Elephant Marsh ngakhale kuti njobvu mulibemo. Kenaka m'zaka za m'ma 1890 kunabwera mliri wa ng'ombe wocokera kumpoto, umene unapha ng'ombe za anthu pamodzi ndi njati ndi nyama zina za m'chire.

M'zaka zomwezo ndi mmene malire anabwera. Pa 11 Juni 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasaina pangano logawana dziko, ndipo m'dera lathu lino anatsata msana wa mapiri. Mvula ikagwa mbali ino n'kutsikira ku Revúbuè ndi Zambezi, ndi dziko la Apwitikizi. Ikatsikira kunyanja kapena ku Shire, ndi la Angerezi. Osaina aja sanafunse Angoni a kwa Maseko, amene anali atakhazikika ku Domwe ca m'ma 1870, ngakhalenso Acewa amene anawapeza. Gomani, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi Angerezi mu 1896, ndipo ufumu umodzi unatsala wogawika pawiri. N'cifukwa cake lero msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu umayenda pamalire penipeni. Pa msika wa Lizulu mayi amagulitsa kacewere mbali ino, mlongo wake akugulitsa kabichi mbali inayo, onse a m'mimba imodzi.

Atsamunda onse awiri anabwera ndi malamulo a nyama. Mfuti inafuna ciphaso, kusaka kunafuna ciphaso, ndipo mtengo wa ziphasozo unali woti mzungu yekha ndiye angauthe. Angerezi anachinga Elephant Marsh kukhala malo a nyama mu 1897. Ku Gorongosa kampani ya atsamunda inapatula malo osakako akuluakulu ake mu 1920, ndipo malowo anasanduka paki mu 1960. Mdzukulu wa mlenje amene ankapereka nyanga kwa mfumu anayamba kuchedwa wakuba nyama. Apa ndimamvetsa mkwiyo wa alamu anga. Koma sindikufuna kunamiza ana kuti zonse anawononga ndi azungu. Angónia ndi dziko la nthaka yabwino ndi mvula yabwino, anthu tinacuruka, tinalima mpaka m'mapiri, ndipo palibe njati imene ingakhale pakati pa minda ya cimanga ndi nyemba. Zina tinazithamangitsa ndi khasu lathu lomwe.

Zimene zinatsala m'dziko lathu zinamalizidwa ndi nkhondo. Izi sindinaziwerenge m'buku. Mu 1986 tinasiya nyumba ndi nkhokwe, n'kuwoloka msewu uja usiku kupita kwa abale ku Ntcheu. Anthu a ku Mozambique amene anathawira ku Malawi anapitirira miliyoni imodzi. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ife tinabwerera mu 1993. Pamene anthu tinali kuwerenga akufa athu, ena anakawerenga nyama ku Gorongosa ndipo anapeza kuti mwa nyama zikuluzikulu khumi zilizonse, zoposa zisanu ndi zinayi zinatha. Asilikali ankadya nyama, minyanga inkagula zida. Njobvu zazikazi zobadwa zopanda minyanga ndizo zinapulumuka zambiri, cifukwa opha aja analibe nazo nchito, ndipo mpaka lero zotere n'zocuruka kumeneko.

Cimene cinandidabwitsa n'cakuti ku Malawi, kumene kunalibe nkhondo, nyama zinathanso. Ku Majete, m'boma la Chikwawa, njobvu zonse zinali zitaphedwa pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Liwonde, imene inakhala paki mu 1973 ndipo inatenga dzina la mfumu ya m'deralo, inasunga njobvu zake ndi mvuu za mu Shire, koma inadzaza ndi misampha ya waya, ndipo mikango inasowa. Zipembere ziwiri zoyamba anazibweretsa kucokera ku Kruger, ku South Africa, mu 1993. Mu 2015 boma la Malawi linapangana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa pakiyo. Anamanga mpanda wamagetsi, anacotsa misampha zikwizikwi. Mu 2017 anabweretsa nyama yothamanga kwambiri ija imene Angerezi amati cheetah, mu 2018 mikango, mu 2019 zipembere zina 17. Njobvu zinacuruka kuposa malo, moti mu 2016 ndi 2017 anasamutsa pafupifupi 500 kucokera ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, atazigoneka ndi mankhwala n'kuzikweza m'malole. Mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu.

Nkhani ya ku Kasungu ndi imene ife a m'malire tiyenera kuimvetsera bwino. Paki imeneyo ili m'malire a Malawi ndi Zambia, ndipo njobvu zitafika anthu a m'midzi ya mbali zonse ziwiri anayamba kudandaula za minda yodyedwa ndi anthu ophedwa. Njobvu siidziwa pangano la azungu. Ife amene timagona osaopa kuti usiku nkhokwe igwetsedwa, kukonda njobvu n'kosavuta. Lamulo la dziko lathu limati magawo 20 pa 100 a ndalama zimene boma limapeza pa nkhalango ndi nyama azipita kwa anthu okhala m'deralo, ndipo ku Mágoè kunayamba kale, m'zaka za m'ma 1990, nchito ya Tchuma Tchato, kutanthauza cuma cathu. Maganizo ake ndi abwino. Koma ndikafika ku Liwonde ndikufuna ndikaceze pang'ono ndi munthu amene munda wake wagundana ndi mpanda, ndimve za pakamwa pake.

Tsopano za ulendo wathu, kuti ena ofuna kutsata adziwe. Tinazolowera kuwoloka msewu popanda pepala kukagula sopo kapena kukalira maliro, koma Liwonde si pa Lizulu. Panjira pali malo amene apolisi amaimitsa galimoto, ndipo bilyete yathu yokha siikwana. Aliyense afunika pasipoti, ngakhale mwana, ndipo tiidinditse pa boda ya Calómue tisanalowe ku Dedza. Viza siifunika pakati pa maiko awiriwa. Galimoto nayo ili ndi mapepala ake: cilolezo colowera kwa kanthawi ndi inshuwalansi ya ku Malawi, zimene dalaivala amakonza pa boda pomwepo. Mametikali tisinthe kukhala makwacha tisananyamuke. Pacipata ca paki mitengo ndi yosiyana, nzika ya Malawi imalipira zocepa kuposa mlendo, ndipo galimoto imalipiridwa payokha. Kulankhula cilankhulo cimodzi ndi wapacipata sikusintha cimene calembedwa m'pasipoti. Ndawauza alamu anga kuti asakayese kudzicha a ku Ntcheu, tingakacite manyazi pamaso pa ana.

Njira ndi iyi: Dedza, Lizulu, Ntcheu, kukhota pa Chingeni kupita ku Balaka, kenaka Liwonde. Ukawoloka Shire pa mlatho wa damu la Kamuzu, cipata ca kumwera cili makilomita ocepa kucokera m'tauni, kufupi ndi phiri la Chinguni. Pofunsa njira munthu asamale ndi dzina la Ulongwe. Ku Balaka kulinso Ulongwe wina, pa msewu wa ku Mangochi, ndipo kumeneko kuli kamsewu kafumbi kopita kumtsinje moyang'anana ndi malo a alendo a Mvuu. Nditauza munthu wina pa foni kuti tikucokera ku Ulongwe, anandiyankha kuti ndiye tingobwera pa njinga.

Nyengo yabwino ndi cilimwe. M'dzinja misewu ya m'paki imakhala matope ndipo nyama zimabalalika cifukwa madzi ali ponseponse. Kuyambira Ogasiti udzu wauma, mitengo ya tsanya yayoyoka masamba, ndipo njobvu, nakodzwe, nswala ndi njiri zimatsikira ku Shire. Koma tikumbuke kuti ife ndife a kumapiri ozizira, kucigwa kuja kumatentha kwambiri pofika Okutobala. Tasankha Loweruka lina la Ogasiti, titagulitsa kacewere. Tiyenera kukhala pa boda ikangotsegulidwa, cifukwa nyama zimaoneka m'mawa ndi madzulo, masana zimabisala m'mithunzi, ndipo cipata ca paki cimatsekedwa dzuwa likamalowa. Takangana kwambiri pa za bwato. Ulendo wa pa bwato mu Shire ndi umene umaonetsa mvuu, ng'ona ndi nkhwazi pafupi, koma uli ndi mtengo wake pa munthu aliyense. Tamvana kuti ndalama zikapelewera akwere ana ndi mayi mmodzi, akulu tidikire kumtunda. Cakudya tinyamula cathu. Ana ndawauza kale malamulo: osatsika m'galimoto, osakuwa, osaponya cakudya kwa anyani.

Catsala ndi mapasipoti a ana awiri amene sanatuluke, ndi nkhani ya amalume. Poyamba anati miyendo yawo singathe ulendo, ine ndingowatengera kandowe kouma ka njobvu, kamene akale ankafukiza ngati mankhwala. Ndinawauza kuti, "Pepani amalume, m'paki saloleza kutola kanthu, ngakhale nthenga." Anakhala cete kwa kanthawi, akufwenkha fodya. Kenaka anati, "Ndiye undisungire mpando wakutsogolo, mphwanga. Ndipo ukafunse kuti cithunzi ca pasipoti amajambula kuti."