Mafumu a Zionetsero za Akavalo ndi Gombe la Salima

Nkhani yathu ya mbiri yakale lero tiiyambira ku Salima. Munthu akaima pa Kamuzu Road mmamawa amaona njinga za kabaza, ngolo zokokedwa ndi ng'ombe ndiponso galimoto zotsikira ku Senga Bay. Koma atati afunse nkhalamba za m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ngati makolo ao adawetapo kavalo, zidzamuyankha kuti nyama imeneyi zimaidziwira m'Buku Lopatulika ndi pa zithunzi. Pamene zili chomwechi kwathu kuno, m'maiko ena muli zionetsero zazikulu za akavalo, zokhala ndi atsogoleri ake, oweruza ake ndi malamulo ake. Tsono funso lathu nali: kodi atsogoleri amenewa ndani, mipando yao adaipeza bwanji, nanga nchifukwa ninji dziko lathu la kunyanja silidakhale nao m'bwalo limeneli?

Tiyambe ndi chaka cha 1891, pamene Harry Johnston adafika kudzakhazikitsa boma la Angelezi m'dziko muno. Iyeyu adaitanitsa asilikali pafupifupi 70 kuchokera ku India, ndipo mtsogoleri wao adali Kaputeni Cecil Maguire. Ena mwa asilikaliwo adali akatswiri omenya nkhondo atakwera pa akavalo. Angelezi ankayesa kuti zimene zidawathandiza ku India zidzawathandizanso kuno, koma akavalo aja adayamba kufooka ndi kufa mmodzimmodzi, mpaka okwerawo adatsala akuyenda pansi ngati wina aliyense. Maguire mwini wake adafera pa nyanja mu Disembala chaka chomwecho, polimbana ndi ankhondo a mfumu Makanjira kutsidya la kum'mawa, moyang'anana ndi gombe la Salima.

Chimodzi mwa zimene zinkapha akavalo chidadziwika bwino patapita zaka zochepa. M'chaka cha 1894 dokotala wa asilikali dzina lake David Bruce adatumidwa ku Zululand, ku South Africa, kukafufuza nthenda imene inkatha ng'ombe ndi akavalo. Iye adakhala pa phiri la Ubombo. Ankatenga akavalo amoyo bwino, kutsika nao kuchigwa kwa maola ochepa, osawalola kudya udzu kapena kumwa madzi a kumeneko, kenaka nkubwerera nao kuphiri. Akavalowo ankadwalabe. Pambuyo pake adagwira ntchentche za kuchigwako, nakwera nazo kuphiri kuti zilume akavalo amene sadatsikeko, ndipo naonso adadwala. Apa mpamene zidatsimikizika kuti kashembe ndiye amatenga tizilombo tosaoneka ndi maso m'magazi a nyama zakutchire, nakatithira m'magazi a ziweto.

Bruce yemweyo adafika m'dziko lathu m'chaka cha 1912, akutsogolera gulu la akatswiri ofufuza nthenda ya kaodzera imene idayamba kupha anthu m'chigwa cha nyanja. Iye ndi mkazi wake Mary, amene ankagwira naye ntchito limodzi, adamanga msasa pa phiri la Kasu, kumtunda kwa chigwa chotsikira ku Domira Bay, ndipo adakhala kumeneko mpaka 1914. Motero dera limene lero tikulitcha Salima lidatchuka m'mabuku a madokotala a ku Ulaya kaamba ka kashembe. M'chigwa chimenechi mfumu yoweruza za akavalo idali ntchentche, ndipo chigamulo chake chidali chimodzi: kavalo asakhale.

Tisaganize kuti kusowa kwa akavalo idali nkhani ya Azungu okha. Kumene nyama idalephera kusenza katundu, adasenza ndi munthu. Sitima zikakocheza pa Domira Bay, katundu wopita ku Dowa, ku Lilongwe mpaka ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ankayenda pa mitu ya amtengatenga. Bwanamkubwa woyendera midzi ankagona m'machila, amuna khumi kapena kuposerapo akusinthana pa mtengo wa machilawo, akuthamanga ndi kuyimba kuti mapazi agwirizane. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri sadabwerere kwao. Njanji idafika ku Salima m'chaka cha 1935, ndipo iyo pamodzi ndi galimoto ndizo zidapeputsa mapewa a makolo athu pang'ono ndi pang'ono.

Kumapiri kokha, monga ku Zomba ndi ku Blantyre, ndiko Azungu ena adatha kusunga akavalo owerengeka. Dzina la kalabu ya Gymkhana ku Zomba lidachokera ku India, kumene akuluakulu a asilikali a Angelezi ankatchula motero misonkhano yao ya masewera, makamaka a pa akavalo. M'masiku a atsamunda makalabu otere ankayendetsedwa ndi Azungu okhaokha, ndipo munthu wakuda ankalowamo ngati wantchito basi.

Chimene chinkachitika ku Zomba chidali chithunzi chaching'ono cha zimene zinkachitika ku Ulaya. Kumeneko kavalo adali chida cha nkhondo ndiponso chizindikiro cha ufumu, choncho oyamba kulamula zionetsero zake adali akuluakulu a asilikali ndi ana a m'mabanja achifumu. Pa masewera a Olimpiki a ku Stockholm m'chaka cha 1912 padali mipikisano itatu imene ikadalipo mpaka lero. Woyamba ndi wolumphitsa kavalo pa mipanda. Wachiwiri ndi woyendetsa kavalo mwaluso m'bwalo, mwakuti woonera amayesa kavaloyo akuvina. Wachitatu ndi wophatikiza zonsezi ndi liwiro la m'thengo. Popeza dziko lililonse lidali ndi kaweruzidwe kake, mikangano siinkatha. Nchifukwa chake m'chaka cha 1921, mu mzinda wa Lausanne ku Switzerland, maiko asanu ndi atatu adakhazikitsa bungwe lotchedwa Fédération Equestre Internationale, mwachidule FEI. Maikowo adali France, United States, Sweden, Japan, Belgium, Denmark, Norway ndi Italy, ndipo mtsogoleri woyamba adali Baron du Teil wa ku France. Pa mndandanda umenewu palibe dziko la mu Africa ngakhale limodzi.

Mtima wa atsogoleri a nthawi imeneyo udaonekera poyera pa mlandu wa Gehnäll Persson. Lamulo linkati pa mpikisano wa kayendetsedwe kaluso msilikali wololedwa ndi yekhayo wa udindo waukulu. Persson, wa ku Sweden, adali sajeni chabe, koma adali wodziwa kavalo kuposa mabwana ake ambiri. Akwao adamukweza udindo kwa kanthawi kuti akapikisane nao ku London m'chaka cha 1948, ndipo gulu lao lidapambana mendulo ya golide. Tsoka lake, mlembi wamkulu wa FEI, Georges Hector, adazindikira kuti chipewa chimene Persson adavala chidali cha usajeni. Mlandu suola: m'chaka cha 1949 gulu la Sweden lidalandidwa mendulo ija, niperekedwa kwa France. Palibe adatsutsa luso la munthuyo. Chidamugwetsa ndi chipewa.

Manyazi a mlandu umenewu adakakamiza atsogoleriwo kusintha lamulo. Pa masewera a ku Helsinki m'chaka cha 1952 chipata chidatsegulidwa kwa asilikali wamba, kwa anthu osakhala asilikali, ndiponso kwa amai pa mpikisano wa kayendetsedwe kaluso. Persson adabweranso napambana golide ndi gulu lake, ndipo adabwereza m'chaka cha 1956. Ku Helsinki komweko mai wina wa ku Denmark, Lis Hartel, amene miyendo yake idapuwala kuyambira m'maondo kutsika kaamba ka poliyo, adatenga malo achiwiri. Iyeyu ankachita kumukweza ndi kumutsitsa pa kavalo, ndipo wopambana wa tsikulo, Henri Saint Cyr, ndiye adamuthandiza kufika pa nsanja yolandirira mphotho. Lamulo lakale likadakhalapobe, dziko silikadaona zimenezi.

Asilikali atayamba kuchepa, mpando wa bungweli udakhala m'manja mwa achifumu kwa zaka 60. Prince Bernhard wa ku Netherlands adautenga m'chaka cha 1954. Womtsatira ndi munthu amene omvera achikulire akumkumbukira: Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth, yemwe adaimira mkazi wake ku Blantyre pa 6 Julayi 1964, tsiku limene Malaŵi adalandira ufulu. Chaka chomwecho adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa FEI, ndipo adakhalapo zaka 22, kotero kuti pamene adabweranso kuno ndi Mfumukaziyo m'chaka cha 1979 adali akali pa mpandowo. Iye adalimbikira kuti malamulo alembedwe momveka ndi kuti madokotala a ziweto akhale ndi mau pa zionetsero, ndipo ndiye adatsogolera kulemba malamulo a mpikisano wa akavalo okoka ngolo. Adasiyira mwana wake, Princess Anne, m'chaka cha 1986. Kenaka padabwera Pilar de Borbón, mlongo wake wa mfumu ya ku Spain, m'chaka cha 1994, ndipo m'chaka cha 2006 padakhala Princess Haya, mwana wa Mfumu Hussein ya ku Jordan.

Komatu ngakhale achifumuwa adali ndi wowaposa mphamvu, yemwe uja tidakomana naye ku Domira Bay, ndiye nthenda. M'chaka cha 1956 masewera a Olimpiki adachitikira ku Melbourne, koma boma la Australia lidakana kufewetsa malamulo ake oletsa ziweto zachilendo kulowa msanga m'dzikomo, poopa matenda. Mipikisano ya akavalo idachita kusamukira ku Stockholm, kutsidya lina la dziko lapansi. Chimodzimodzinso akavalo a kum'mwera kwa Africa akhala akuvutika kutuluka kukapikisana kunja chifukwa cha nthenda ina yoopsa ya akavalo, yofalitsidwa ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu. Kalata ya dokotala wa ziweto imatha kutseka njira imene kalata ya mfumu siingatsegule.

M'zaka zapafupi zino milandu yaikulu yakhala yokhudza kavalo mwini wake. Ndalama zitachuluka m'masewerawa, ena adayamba kupatsa akavalo mankhwala obisa ululu kuti apikisane ali ovulala. Pa masewera a ku Athens m'chaka cha 2004 Cian O'Connor wa ku Ireland adapambana golide polumpha mipanda, koma adalandidwa atapezeka mankhwala oletsedwa m'thupi la kavalo wake. M'nthawi ya Princess Haya, m'chaka cha 2010, bungweli lidakhwimitsa malamulo a za mankhwala. Mai ameneyu adachitanso chinthu chosowa pakati pa olamula: adatsika pa mpando m'chaka cha 2014 zitatha zigawo zake ziwiri, ngakhale maiko ambiri ankamupempha kuti apitirize. M'malo mwake adasankhidwa Ingmar De Vos wa ku Belgium, munthu wosabadwira ku nyumba yachifumu, amene adayamba wakhala mlembi wamkulu wa bungwelo. Patangopita miyezi yochepa, mu Malichi 2015, FEI idaimika kwa kanthawi dziko lolemera la United Arab Emirates chifukwa cha kuzunzika kwa akavalo pa mipikisano ya mitunda italiitali.

Tikaiyang'ana mbiri yonseyi tikuona kuti funso la oweruza lakhala likusintha. Poyamba ankafunsa kuti, kodi wokwerayu wavala chipewa chanji? Pambuyo pake adayamba kufunsa kuti, kodi akudziwa kukwera? Tsopano afika pofunsa kuti, kodi kavaloyu akumva bwanji? Padatenga zaka zambiri, ndiponso manyazi ambiri, kuti atsogoleri aphunzire kuyang'ana pansi, kwa wosenza, osati kumwamba kokha, kwa wosenzedwa. Makolo athu amene adathamanga ndi machila kuchokera ku Domira Bay kukwera mapiri a Dowa sadapeze bungwe lowafunsa za mapewa ao.

Lero kashembe adachepa m'madera ambiri a Salima chifukwa nkhalango zidasanduka minda, ndipo ng'ombe zikukoka ngolo m'njira zimene kale chiweto sichinkadutsa. Akavalo ndi owerengeka kwathu kuno, koma ng'ombe ndi abulu tili nao, ndipo zionetsero za zaulimi zimachitika m'maboma mwathu, zokhala ndi makomiti ndi oweruza ake. Inu amene mwapatsidwa udindo wotere, pamene mukupereka mphotho kwa mwini ng'ombe yonenepa, tayambani mwaiyang'ana pakhosi pamene pamakhala goli, ndi pamsana pamene pamagwa chikwapu. Mufunsenso za mnyamata amene amaidyetsa ndi kuimwetsa, ngati dzina lake litchulidwa pa tsikulo.