Mbiri ya Mlongo Elisabeth Fedde ndi Alendo Odwala a ku Brooklyn

Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ponena cotero analikuganizira mlendo wa masiku awiri kapena atatu, amene timphera nkhuku lero, mawa timperekeza panjira, nabwerera kwao. Koma alipo mlendo wina amene mwambiwu sumkhudza. Ndiye uja wagulitsa munda ndi ziweto zace, natenga mkazi ndi ana, naoloka nyanja, ndipo kumbuyo kwace sikunatsale nyumba yoti abwerereko. Munthu wotere akagwa m'nthenda pakati pa anthu osamva cinenero cace, adzamphikira phala ndani? Akamwalira, adzamuika ndani, ndi ana ace adzawalera ndani? Mwezi uno tifuna kukusimbirani, abale, umo Akristu ena anayankhira mafunso amenewa m'mudzi waukuru wa Brooklyn, m'dziko la America, ndi umo nchito yao inayambira m'mapazi a mkazi mmodzi.

Alendo amene tinena anacokera ku Norway, dziko la kumpoto kwa Ulaya. Dzikolo ndi la mapiri ndi miyala ndi cisanu coopsa, ndipo nthaka yolimika iri yaing'ono. Mwa mwambo wao munda wa atate unali kugwera mwana woyamba, kotero kuti ang'ono ace anali kusowa polima. Cifukwa cace, kuyambira caka ca 1825 kufikira 1925, anthu monga 800,000 anacoka m'dzikomo kunka ku America, ndipo ambirimbiri a iwo anapita m'zaka za m'ma 1880, pamene anthu onse a m'Norway sanafike mamiliyoni awiri. Amene anali ndi mphamvu ndi kandalama anapitirira kumtunda, ku Wisconsin ndi Minnesota ndi Dakota, kumene minda inali kupezeka. Koma ena anatsalira padooko pomwe anatsikira: amene kamba anawathera panjira, amene anadwala m'combo, ndi amarinyero amene anasiya zombo za kwao pofuna malipiro oposa. Iwowa anakhala ku Brooklyn, m'mbali mwa madzi, kutsidya kwa mtsinje kuyang'anana ndi New York.

Moyo wa kumeneko unali wowawa. Banja lonse linali kupanikizana m'cipinda cimodzi kapena ziwiri, m'nyumba zosanjika zopanda mpweya wabwino, ndipo cifuwa cacikuru ndi nthenda za ana zinali kuyenda khomo ndi khomo. Nchito ya padooko inali ya lero lokha. Mwamuna akathyoka mwendo, malipiro analeka tsiku lomwelo, ndi mwini nyumba sanaleke kufuna zace. Kuno kwathu munthu akasauka amatola nkhuni kuthengo, natapa ndiwo kudimba la mbale wace, koma kumeneko ngakhale moto unali wogula, pakuti m'nyengo ya cisanu wopanda malasha akhoza kufa m'nyumba mwace. Zipatala zinalipo ndithu, ndipo cina ca alendo cinali pa cisumbu ca Ward's Island. Koma wodwala wosadziwa Cingerezi anagona m'menemo ngati wosalankhula, osakhoza kuuza dotolo pamene pampweteka. Mpingo wa amarinyero a ku Norway unali ndi nyumba yace yopemphereramo ku Brooklyn kuyambira 1878, koma mbusa mmodzi sakadakhoza kulalikira, ndi kusambitsanso odwala, ndi kufunira amasiye pokhala.

Kuti timvetse kumene thandizo linacokera, tiyambe tabwerera m'mbuyo pang'ono. M'caka ca 1836 mbusa wina wa ku Germany, dzina lace Theodor Fliedner, pamodzi ndi mkazi wace Friederike, anatsegula nyumba m'mudzi wa Kaiserswerth yophunzitsiramo akazi acikristu kusunga odwala ndi aumphawi. Anati utumiki umenewu suli watsopano, pakuti ndi m'masiku a atumwi analipo Febe, mtumiki wamkazi wa mpingo wa ku Kenkreya, amene Paulo amchula m'kalata wa kwa Aroma. Akazi ophunzira kumeneko anachedwa alongo, nabvala cobvala cimodzimodzi, natumikira osayembekeza kulemera nayo nchitoyo. Mmodzi wa iwo, Cathinka Guldberg, anabwerera kwao ku Norway, natsogolera nyumba yotere imene inatsegulidwa mu 1868 ku Christiania, mudzi umene lero uchedwa Oslo.

M'nyumba imeneyo, m'caka ca 1873, munalowa namwali wa kumudzi, Elisabeth Fedde, amene anabadwa tsiku la Krisimasi mu 1850 ku Feda, kumwera kwa dzikolo. Atatha maphunziro anamtumiza ku cipatala ca ku Tromsø, kutali kumpoto, kumene dzuwa limakhala losaturuka monga miyezi iwiri m'nyengo ya cisanu. Anagwira nchito kumeneko zaka zingapo pakati pa kusowa kwa zipangizo, nabwerako thupi litafoka. Iye sanadziwe kuti masautso a ku Tromsø analikumkonzera nchito yina; pakuti kumeneko anaphunzira kusunga odwala ndi zocepa zimene ziripo, osalindira zimene palibe.

Kumapeto kwa caka ca 1882 analandira kalata wocokera kwa mlamu wace, Gabriel Fedde, amene anali ku New York. Kalatayo anafotokoza kuti Anna Børs, mkazi wa nduna yoyang'anira anthu a ku Norway m'mudzimo, pamodzi ndi mbusa wa amarinyero, alikufuna mlongo woti adzatumikire osauka a mtundu wao. Taganizani, abale, za mkazi wa zaka 32, wosakwatiwa, wosadziwa Cingerezi, wopanda cuma, amene aitanidwa kuoloka nyanja kunka ku nchito yopanda nyumba ndi yopanda nkhokwe. Koma iye anabvomera, nafika ku New York pa 8 Epulo 1883. Atapita masiku 11 okha, pa 19 Epulo, abusa ndi anthu ena owerengeka anasonkhana, napangana bungwe lothandiza odwala ndi aumphawi a ku Norway okhala m'New York ndi Brooklyn. Cuma conse ca bungwelo cinali zipinda zitatu zazing'ono pafupi ndi nyumba yopemphereramo amarinyero, zolipira madola 9 pamwezi, ndi mlongo mmodzi.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani yathu. Mlongo Elisabeth sanakhale pansi m'zipinda zija kulindira kuti obvutika amfune. Anadziwa kuti mlendo wosauka amabisala, wina cifukwa ca manyazi, wina cifukwa ca kusadziwa njira, wina cifukwa ca kusowa mphamvu yakudzuka pamphasa. Cotero anaturuka iye mwini tsiku ndi tsiku, nayenda m'makwalala, nakwera makwerero a nyumba zosanjika, natsikira m'zipinda za pansi, kufunafuna anthu a kwao. M'buku limene analembamo za masiku ace tipezamo nchito zosaoneka zazikuru: kuceza ndi odwala m'nyumba zao ndi m'zipatala, kufunira banja cakudya ndi zobvala, kupempha malo m'cipatala kaamba ka munthu wosakhoza kudzipemphera, kupezera ana pokhala, ndi kupempherera amene alinkufa. Mwezi wotsatira kufika kwace, pa 24 Meyi 1883, anthu a m'midzi iwiriyo anacita cikondwerero cacikuru potsegulira mlatho wa Brooklyn, umene unazizwitsa dziko lonse ndi kutalika kwace. Nyuzi zonse zinasimba za mlathowo. Koma za mkazi woyenda pansi ndi mtanga wa zobvala zakale, ndani akadalemba?

Tiyenera kuzindikira cifukwa cace mayendedwe amenewa anapindula. Coyamba, iye analankhula ndi wodwala m'cinenero ca amace, ndipo munthu amene wakhala masabata osamva mau a kwao amatsitsimuka mtima pakungowamva, naulula zobvuta zimene anabisira ena. Caciwiri, polowa m'nyumba anaona nthenda pamodzi ndi muzu wace. Dotolo wa kucipatala aona cifuwa ca mwana cokha. Koma wolowa m'nyumba aona kuti m'mbaula mulibe moto, kuti atate agona osagwira nchito, ndi kuti mai wagulitsa copfunda kuti agule mkate. Kupatsa mwanayo mankhwala ndi kumbwezera m'cipinda cozizira comweco kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Cifukwa cace kwa Mlongo Elisabeth mankhwala ndi malasha ndi pemphero zinali nchito imodzi, ndipo sanalekanitse thupi ndi mzimu monga ngati Mulungu analenga cimodzi cokha.

Maulendo amenewo ndiwo anaonetsa kuti pafunika nyumba. Odwala ena sanalandiridwe kwina kuli konse, ndipo mkazi mmodzi sakadakhoza kugonera odwala m'nyumba khumi usiku umodzi. Tsono m'caka ca 1885 bungwe lija linatsegula nyumba ya alongo m'khwalala la Fourth Avenue, m'mene munali makama 9 a odwala, ndi malo ophunzitsiramo anamwali ofuna utumiki womwewo. Taonani dongosolo lace: zaka ziwiri zakuyenda zinatsogola, makama nadza pambuyo. Pamene nyumbayo inacepa, anamanga yina ya makama 30 m'caka ca 1889. Ndipo cingakhale cipatala cinakula, nchito yakuyendera mabanja m'nyumba zao sinaleke.

Mbiri ya zimenezi inamveka kwa anthu a ku Norway okhala kumtunda. Pamene Mlongo Elisabeth anapita ku Minneapolis mu 1888, Akristu a kumeneko anamuumiriza kuti awayambire nchito yomweyo, ndipo mu 1889 nyumba ya alongo ndi cipatala zinatsegulidwa m'mudzimo. Anathandizanso ndi uphungu wace amene analikukonza nyumba yacitatu ku Chicago. Atatero anabwerera ku Brooklyn. Koma pofika 1895 mphamvu zace zinatha, nabwerera kwao ku Norway. Kumeneko anakwatiwa ndi Ole Slettebø, mwamuna amene anamlindira zaka zonsezo, nakhala naye pamunda kufikira imfa yace pa 25 Febuluwale 1921. Zaka zace za m'America sizinapitirire 13, koma Akristu a mpingo wa Lutheran m'dzikomo amakumbukirabe dzina lace pa tsiku limenelo caka ndi caka.

Cotsala ndi kuona cimene cinagwera nyumba ija mwini wace atacoka, pakuti m'menemo muli phunziro lina. Ana ndi adzukulu a alendo aja anaphunzira Cingerezi, napeza bwino, nasamukira kwina pang'ono pang'ono. M'nyumba zimene anasiya, m'dera lochedwa Sunset Park, munalowa alendo atsopano: poyamba a ku cisumbu ca Puerto Rico, pambuyo pace a ku Mexico ndi maiko oyandikana nalo, ndi a ku China. Khwalala la Eighth Avenue, limene kale linadzala ndi masitolo a anthu a ku Norway, lero ladzala ndi a anthu a ku China. Pamenepo eni cipatala, cimene kuyambira 1956 cinachedwa Lutheran Medical Center, anayenera kusankha: kutsata mtundu wao kumene unasamukira, kapena kukhala ndi alendo osauka a zinenero zina. Anasankha kukhala. Mu 1967 anatsegula nyumba yosamalira umoyo wa mabanja a m'deralo, ndipo mu 1977 cipatala cinasamukira m'nyumba yaikuru imene kale inali fakitale, m'dera lomwelo. M'zaka za 2015 ndi 2016 cinaphatikizidwa ndi zipatala za sukulu yaikuru ya New York University, ndipo tsopano cichedwa NYU Langone Hospital ca ku Brooklyn.

Ena adzamva cisoni kuti dzina la mpingo linafafanizika pakhomo pace, ndipo cisonico ticimvetsa. Koma tikumbukire kuti alongo aja sanaturuke m'mamawa kukamanga dzina. Anaturuka kukafuna munthu wogona yekha m'cipinda cozizira. Ngati mdzukulu wa mlimi wa ku Mexico apeza kama lero pa maziko amene anaikira mmarinyero wa ku Norway, mbeu yao sinafe.

Nanga ife, abale, titengapo ciani? Kawiri kawiri pamsonkhano wa mpingo timva mau akuti, tikadakhala ndi ndalama tikadamanga cipatala, tikadathandiza obvutika. Mbiri iyi itsutsa mau amenewo, pakuti nchito ya ku Brooklyn inayamba ndi zipinda zitatu ndi mapazi awiri. Palibe mpingo wosauka kotero kuti ungasowe munthu mmodzi wakuyenda. Ambiri a ife tiri ndi mwana kapena mbale kutali ku nchito, ndipo usiku timapempha kuti akadwala kumeneko apezeke wina womgogodera pakhomo. Tsono banja lija lacilendo limene lamanga kumalire kwa mudzi wathu, limene mai wace sanaoneke kucitsime masiku atatu, nalonso liri ndi amace kwina amene alikupempha pemphero lomwelo. Tisalindire kuti adze kwa ife, pakuti mwina sadzadza. Akuru a mpingo ndi amai a cigwirizano afunsane Sabata likudzali kuti adzapitako ndani, ndi kuti adzanyamula ciani.