Kamera Zokhala ndi Dzina la Sitolo

M'zaka za m'ma 1960, munthu wofuna kujambula chithunzi usiku ankagula timababu tapadera, ndipo kababu kalikonse kankathwanima kamodzi kokha n'kupsa. Mu 1965 kampani ya Kodak idatulutsa kabokosi ka timababu tinayi, koma nako kankatha ntchito pakajambulidwa zithunzi zinayi.

Zinthu zidasintha mu 1975 pamene kampani ya Konica ya ku Japan idatulutsa kamera ya C35 EF. Kamerayi inali ndi fulashi, ndiye kuti nyale yothwanima, m'thupi mwake momwemo, ndipo inkadzipimira yokha kuŵala koyenera kufika pa filimu. Mu 1977 idabwera C35 AF, yomwe inkadziyezeranso kutalika kwa pamene paima munthu wojambulidwa. Ntchito ya wojambula idangotsala pang'ono kukhala kuloza ndi kudina basi.

Eni masitolo akuluakulu adali atazoloŵera kale malonda ena ochenjera. M'zaka za m'ma 1950, sitolo za Sears ku America zinkagulitsa kamera zotchedwa Tower, chonsecho zina mwa izo ankazipanga ndi makampani a ku Japan monga Mamiya ndi Nicca. Kmart inali ndi dzina la Focal, Dixons ku Britain la Prinz, Quelle ku Germany la Revue. Kamera zodzipimira zokha zitachuluka, masitolo ankaoda zambirimbiri ku mafakitale a ku Japan, Hong Kong ndi Taiwan, n'kumatapo dzina lawo. Wogula sankadziŵa mmisiri wake. Ankakhulupirira sitolo imene ankagulako kale nsapato ndi mapoto, ndipo mtengo unali wotsika.

Kunena zoona, zambiri mwa kamerazi sizinali zapamwamba. Poti fulashi inali pafupi kwambiri ndi galasi lojambulira, kuŵala kunkaloŵa m'diso n'kubwerera, motero anthu ankaoneka ndi maso ofiira ngati makala a moto. Komabe maukwati, maliro ndi ubwana wa mabanja osaŵerengeka zidasungika m'zithunzi zoterezo, osati m'zithunzi za akatswiri.

Kamera za digito zidathetsa malondaŵa. Quelle idagwa mu 2009, ndipo Sears idalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake mu 2018. Lero munthu akatola kamera yotereyi pa msika wa kaunjika, dzina lolembedwa pamwamba silimuuza amene adaipanga. Osunga zinthu zakale amachita kuiyerekeza ndi kamera zina, kuona kaumbidwe ka thupi lake ndi malo a mabatani, kuti apeze fakitale imene idachokera.